Schönau: Tawuni Yaing'ono Yomwe Inagula Mawaya Ake a Magetsi

Kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Germany, m'dera la mapiri ndi nkhalango lotchedwa Schwarzwald, kuli tawuni ya Schönau. Anthu ake ndi pafupifupi 2,400 basi. Ili m'chigwa cha mtsinje wa Wiese, womwe umatsetserekera kum'mwera n'kukathira mu mtsinje wa Rhine ku Basel, m'dziko la Switzerland. Chapafupi pali phiri la Belchen, lotalika mamita 1,414. Munthu wodutsa pa galimoto angaone matchalitchi, masitolo ochepa, nyumba zamadenga otsetsereka kuti chipale chisamaunjikane, kenaka tawuni yatha. Komatu malo ochepawa anatulutsa mphunzitsi wa timu ya mpira yomwe inatenga chikho cha dziko lonse, anatulutsa munthu yemwe chipani cha Nazi chinamusandutsa ngwazi yake, ndiponso kunabadwira kampani ya magetsi yomwe lero ili ndi makasitomala oposa 200,000 m'dziko lonse la Germany. Nkhani ya kampaniyi ndi imene imandikoka kwambiri, ndipo singamveke bwino munthu asanadziwe momwe tawuni yaing'ono ya ku Germany imadzilamulira.

Mbiri yake tingoidutsa mwachidule. Dzina la Schönau limapezeka koyamba m'zolembedwa za chaka cha 1113. Kwa zaka mazana ambiri deralo linali m'manja mwa amonke a ku St. Blasien komanso pansi pa ulamuliro wa mafumu a ku Austria, mpaka nthawi ya Napoleon pomwe linaperekedwa ku dziko la Baden, ndipo mu 1809 Schönau inapatsidwa udindo wokhala tawuni. Nthaka ya kumeneko ndi yamiyala, yotsetsereka, ndipo nyengo yozizira imatalika. Anthu ankadalira ng'ombe zing'onozing'ono za mtundu wa Hinterwälder, zomwe zimakwera bwino m'mapiri, n'kumazidyetsa pa msipu wa mudzi wonse, wosakhala wa munthu mmodzi. Kenaka kunabwera mafakitale oomba nsalu ndi opanga maburashi, ndi kasitima kakang'ono komwe kankayenda m'chigwamo pakati pa Zell ndi Todtnau kuyambira 1889 mpaka 1967.

Ndani amalamula chiyani

Ulamuliro wa Germany uli m'magawo osanjikizana. Pamwamba pali boma lalikulu la ku Berlin. Pansi pake pali zigawo 16, chilichonse chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake, ndipo Schönau ili m'chigawo cha Baden-Württemberg chomwe likulu lake ndi Stuttgart. Chigawo chimagawidwa m'maboma, ndipo Schönau ili m'boma la Lörrach. Pansi penipeni pali chomwe Ajeremani amachitcha Gemeinde, yomwe ingakhale mzinda waukulu, tawuni kapena mudzi, bola ili ndi khonsolo ndi meya wake. M'dziko lonse zilipo zoposa 10,000, ndipo ku Baden-Württemberg kokha zilipo 1,101.

Chofunika kumvetsa n'chakuti tawuni siili ngati ofesi yongotumidwa ndi boma lalikulu. Gawo 28 la malamulo oyendetsera dzikolo, omwe anakhazikitsidwa mu 1949, limanena kuti matawuni ndi midzi ali ndi ufulu woyendetsa okha nkhani zonse za m'dera lawo, malinga asaphwanye malamulo. Omwe analemba malamulowo anali atangotuluka kumene mu ulamuliro wa Hitler, pomwe meya ankachita kuikidwa ndipo makhonsolo anali atalandidwa mphamvu zonse. Ankadziwa chomwe ankapewa.

Ntchito za tawuni ndi zija munthu amakumana nazo akangotuluka pakhomo: madzi a m'mipopi, mapaipi otaya zonyansa, misewu ya m'kati mwa tawuni, manda, sukulu za mkaka, ozimitsa moto, kulembetsa ana obadwa ndi anthu omwalira, kumangitsa maukwati, ndi kugamula malo omangapo nyumba kapena fakitale. Nyumba za sukulu amamanga ndi kusamalira ndi a tawuni, koma aphunzitsi amalipidwa ndi chigawo. Zomwe zili zazikulu kuposa mphamvu za tawuni imodzi, monga zipatala, kutaya zinyalala ndi kulembetsa magalimoto, zimagwiridwa ndi boma la Lörrach, ndipo tawuni iliyonse imasonkhako ndalama chaka ndi chaka.

Ndalama zimachokera mbali zingapo. Pali msonkho wa malo ndi nyumba, ndi msonkho wa mabizinesi, ndipo pa misonkho iwiriyi khonsolo ndi imene imasankha kuukweza kapena kuutsitsa. Pali gawo la msonkho womwe anthu amadulidwa pa malipiro awo: 15 peresenti ya msonkhowu imabwerera ku matawuni. Pali ndalama zochokera ku chigawo, zomwe zimathandiza kuti tawuni yosauka isatsalire kutali. Ndiye palinso kandalama kena kamene anthu ambiri sakadziwa n'komwe, komwe kampani ya magetsi imalipira tawuni chifukwa chodutsitsa mawaya m'misewu yake. Kameneka ndi komwe kanautsa mapiri pachigwa ku Schönau, ndipo tifikako.

Meya ndi makhansala

Ku Malawi makhansala amasankha meya pakati pawo. Ku Baden-Württemberg meya amasankhidwa ndi anthu onse, ndipo amakhala pampando zaka 8, pomwe makhansala amakhala zaka 5 zokha. Woimira umeya amadziimira yekha, ngakhale atakhala membala wa chipani, ndipo sikofunika kuti akhale wa m'tawunimo. Matawuni ambiri ang'onoang'ono amakonda kusankha munthu wobwera yemwe anaphunzira za kayendetsedwe ka maofesi a boma, chifukwa alibe achibale kapena adani m'deralo. Akasankhidwa, mphamvu zake n'zambiri: ndiye mkulu wa ogwira ntchito onse a tawuni, ndiye wapampando pa zokambirana za khonsolo, amavota nawo ngati khansala, ndipo ndiye amaimira tawuni kunja. Khonsolo ikagamula zosemphana ndi malamulo, lamulo limamukakamiza kukana. Anthu a m'chigawochi alibenso njira yomuchotsera ndi voti nthawi yake isanakwane. Ine ndimaona kuti zaka 8 popanda njira yomuchotsera n'zambiri, koma omwe amaikira kumbuyo dongosololi amati meya woopa kuchotsedwa mawa sangayambe ntchito ya mapaipi yomwe phindu lake lidzaoneke patatha zaka khumi.

Chiwerengero cha makhansala chimatengera kuchuluka kwa anthu. Tawuni ya anthu pakati pa 2,000 ndi 3,000 imakhala ndi makhansala 12. Sali pa ntchito yolembedwa ayi. Masana wina ndi kalipentala, wina mphunzitsi, wina mwini malo ogona alendo, ndipo madzulo amakumana ku holo ya tawuni, pa zokambirana zomwe aliyense ali ndi ufulu wobwera kudzamvera. Amangolandira kangachepe kopepesera nthawi yawo.

Kavotedwe kake n'kochititsa chidwi. Mapepala ovotera amafika kunyumba masiku angapo chisankho chisanachitike, kuti munthu akhale nawo pansi bwinobwino. Wovota ku Schönau ali ndi mavoti 12, ofanana ndi mipando. Papepalapo pali mndandanda wa chipani chilichonse kapena gulu la anthu opanda chipani. Munthu akhoza kuponya mndandanda umodzi wonse momwe ulili. Koma akhozanso kulemba 3 pafupi ndi dzina la mayi yemwe amamudalira, 2 pa dzina la bambo wa ozimitsa moto, kenaka n'kutenga dzina la munthu wa chipani china n'kulilemba ndi cholembera m'munsi mwa mndandanda womwewo. Bola mavoti onse asapitirire 12 ndipo munthu mmodzi asapatsidwe oposa 3. Zotsatira zake n'zakuti amene chipani chinamuika pamwamba akhoza kugwa, ndipo wapansi n'kudutsa chifukwa anthu amamudziwa ntchito zake. Kuyambira chisankho cha 2014 achinyamata a zaka 16 amavota nawo, ndipo nzika za maiko ena a European Union zokhala m'tawunimo nazo zimavota.

Pali funso lina lomwe aliyense angafunse: nanga mudzi wa anthu 300 ungalembe bwanji ntchito akatswiri a zachuma ndi a zomangamanga? Pakati pa 1968 ndi 1975 chigawo cha Baden-Württemberg chinaphatikiza midzi yambiri, ndipo chiwerengero chinatsika kuchoka pa zoposa 3,300 kufika pafupifupi 1,100. Midzi yozungulira Schönau sinamezedwe. Inapanga mgwirizano wa ofesi imodzi, womwe muli Schönau, Aitern, Böllen, Fröhnd, Schönenberg, Tunau, Utzenfeld, Wembach ndi Wieden. Mudzi uliwonse unasunga khonsolo yake, meya wake ndi bajeti yake, koma ntchito za m'maofesi zimagwiridwira pamodzi ku Schönau. Böllen, wa anthu pafupifupi 100, ndi mudzi wodzilamulira waung'ono kuposa yonse m'chigawo chonsecho.

Mwana wakwawo yemwe amanyadira, ndi yemwe amavuta kumutchula

Ulemu waukulu womwe khonsolo ingapereke kwa munthu ndi kumutcha nzika yolemekezeka ya tawuni. Mu 2014 ulemuwu unapita kwa Joachim Löw, yemwe anabadwira ku Schönau pa 3 February 1960. Bambo ake anali mmisiri womanga mbaula zotenthetsera nyumba, ntchito yofunika kwambiri kumalo ozizira ngati amenewo. Löw anayambira mpira m'matimu a m'tawuni momwemo, n'kupita ku SC Freiburg komwe anagoletsa zigoli 81 mu ligi, ndipo anakhala wogoletsa zigoli zambiri kuposa onse pa timuyo mpaka Nils Petersen anamupitirira mu 2020. Ngati wosewera sanafike patali kwenikweni. Kutchuka kwake kunabwera ataphunzitsa timu ya dziko la Germany kuyambira 2006 mpaka 2021. Okonda mpira sanaiwale zigoli 7 kwa 1 zomwe Germany inathira Brazil kwawo konko, ndi chigoli cha Mario Götze chomwe chinagonjetsa Argentina pa bwalo la Maracanã pa 13 July 2014. Bwalo la mpira la ku Schönau tsopano limatchedwa Jogi-Löw-Stadion.

Dzina linalo ndi lolemera. Albert Leo Schlageter anabadwira ku Schönau mu 1894, m'banja la alimi. Anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo itatha sanatule zida. Analowa m'magulu a asilikali odzipereka otchedwa Freikorps, omwe ankadana ndi boma latsopano la demokalase. Mu January 1923 asilikali a France ndi Belgium analowa m'dera la mafakitale la Ruhr chifukwa Germany inkalephera kulipira chipukutamisozi cha nkhondo. Schlageter anatsogolera gulu lomwe linkaphulitsa njanji kuti malasha asamapite ku France. Anagwidwa, khoti la asilikali a France linamugamula kuti aphedwe, ndipo anawomberedwa pafupi ndi Düsseldorf pa 26 May 1923. Mtembo wake anabwera nawo kwawo ku Schönau.

Chipani cha Nazi chinamutola nthawi yomweyo ngati munthu wofera dziko. Chitatenga boma mu 1933, dzina lake linaikidwa pa misewu, masukulu ndi malo a asilikali m'dziko lonse, ndipo Schönau inasanduka malo omwe magulu a chipanicho ankabwera kudzaguba. Nkhondo yachiwiri itatha maina aja anafufutidwa, koma manda sasamuka. Akadali m'tawunimo, ndipo nthawi ndi nthawi amakopa anthu a maganizo a chi Nazi ochokera kutali. Apa mpomwe mphamvu za khonsolo zimaonekera malire ake. Ikhoza kusintha dzina la msewu, ikhoza kukhazikitsa malamulo a kumanda, koma singafufute kuti munthuyo anabadwira kumeneko. Kwa ine, tawuni yomwe imauza ana ake nkhani ya Schlageter yonse, ndi momwe anthu ena anaigwiritsira ntchito, imachita bwino kuposa yomwe ingangokhala chete.

Makolo, mawaya ndi mavoti awiri

Ursula Sladek ndi mwamuna wake Michael sanabadwire ku Schönau. Anachita kusamukirako, bamboyo ngati dokotala wa m'tawunimo, mayiyo ataphunzira za uphunzitsi koma akulera ana awo asanu. Pa 26 April 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko lomwe lero ndi Ukraine, anaphulika. Mphepo inanyamula fumbi lapoizoni, ndipo mvula inaligwetsa kwambiri kum'mwera kwa Germany. Makolo anayamba kudzifunsa zinthu zomwe sanaziganizirepo: kodi mwana amwe mkaka wa ng'ombe zomwe zadya msipu uja? Kodi ndiwo zamasamba za kuseri kwa nyumba tidye? Kodi ana asewere pamchenga? Ena mwa makolowo anapanga gulu lofuna tsogolo lopanda nyukiliya.

Poyamba sankaganiza zogula chilichonse. Ankangofuna kuti anthu azigwiritsa ntchito magetsi mosamala, poganiza kuti magetsi akamafunika ochepa, malo a nyukiliya adzachepanso. Ankachititsa mipikisano ya banja lomwe lasunga magetsi kwambiri pa chaka, ankaphunzitsana kaphikidwe kosawononga magetsi, ankathandiza kudzutsa timakina takale topangira magetsi ndi madzi a m'mitsinje. Anapita ku kampani yomwe inkagulitsa magetsi m'deralo, Kraftübertragungswerke Rheinfelden kapena kuti KWR, kukapempha kuti isinthe mitengo kuti wosamala magetsi azipindula, komanso kuti izigula pa mtengo wabwino magetsi omwe anthu akupanga okha. Kampaniyo inakana. Phindu lake linali pa kugulitsa magetsi ambiri, osati ochepa.

Nthawi imeneyo munthu sankasankha kogula magetsi. Yemwe ali ndi mawaya m'dera ndiye ankagulitsa kwa aliyense wa m'deralo. Koma mawayawo amadutsa m'misewu, ndipo misewu ndi ya tawuni. Choncho kampani imayenera kusainirana pangano ndi khonsolo, ndipo panganolo silingapitirire zaka 20. Likatha, khonsolo ikhoza kupereka chilolezo kwa wina, ndipo kampani yakale imayenera kugulitsa mawaya ake kwa watsopanoyo. Pangano la Schönau linkatha mu 1994. Mu 1990 KWR inabwera ndi nyambo: khonsolo isaine msanga pangano lina la zaka 20, ndipo tawuni ilandira ndalama zoonjezera zokwana pafupifupi ma Mark 100,000 (Mark inali ndalama ya Germany nthawi imeneyo). Kwa tawuni yaing'ono imeneyi sinali ndalama yoikana msanga.

Makolo aja anayankha m'njira yomwe kampaniyo sinayembekezere. Anasonkhanitsa anthu omwe analonjeza kulipira tawuni ndalama yomweyo kuchokera m'matumba mwawo, kuti khonsolo isathamangire kusaina. Ngakhale zinali choncho, mu 1991 khonsolo inavomereza pangano la KWR ndi mavoti 7 kwa 6.

M'zigawo zambiri za Germany nkhani ikanathera pomwepo. Koma Baden-Württemberg inali ndi lamulo, kuyambira 1956, lolola anthu a m'tawuni kusonkhanitsa masiginecha n'kukakamiza riferendamu pa chigamulo cha khonsolo, ndipo kwa zaka zambiri chinali chigawo chokhacho chokhala ndi lamulo lotere. Zotsatira za riferendamuyo zimamanga khonsolo, bola mbali yopambana ifike pa gawo lomwe lamulo limafuna mwa anthu onse oyenera kuvota. Nthawi imeneyo gawolo linali 30 peresenti, lero ndi 20. Pa 27 October 1991 anthu a ku Schönau anavota, ndipo pafupifupi 56 peresenti anakana pangano la KWR.

Kupambana kumeneku kunangowagulira nthawi. Tsopano anayenera kusonyeza kuti gulu la makolo, aphunzitsi ndi amisiri lingayendetse magetsi a tawuni yonse. Anaphunzira malamulo a zamagetsi, anafunafuna akatswiri, ndipo mu 1994 anakhazikitsa kampani yawo, Elektrizitätswerke Schönau, mwachidule EWS, yomwe eni ake anali anthu wamba mazanamazana. Mu November 1995 khonsolo, yomwe tsopano inali itasintha maganizo, inapereka chilolezo kwa EWS. Apa zinthu zinatembenuka: omwe ankafuna KWR anagwiritsa ntchito lamulo lomwe lija n'kuitanitsa riferendamu yachiwiri.

Anthu otsutsawa sanali opusa, ndipo nkhaniyi ikamakambidwa ngati ya ngwazi ndi adani imawalakwira. Mwini fakitale ankafunsa kuti makina ake akaima pakati pa usiku adzabwera ndani. Wogwira ntchito m'fakitalemo ankaopa kuti bwana asamutsira ntchito kwina. Okalamba ankakumbukira kuti KWR inawapatsa magetsi zaka zambiri popanda vuto. Kumalo komwe chipale chimagwetsa mitengo pa mawaya, funso loti adzakonza ndani si lachibwana. Tawuni inagawanika pakati, mpaka m'mabanja ndi m'makwaya. Pa 10 March 1996 anthu oposa 80 peresenti anapita kukavota, ndipo EWS inapambana ndi mavoti opitirira pang'ono 52 peresenti. Pa tawuni yaing'ono chonchi, kusiyana kumeneku ndi kwa anthu makumi ochepa chabe.

Kunatsala nkhani ya mtengo. Katswiri yemwe EWS inamulemba anawerengera kuti mawaya, mapolo ndi mathiransifoma onse ndi a ma Mark 3.9 miliyoni. KWR inati ikufuna 8.7 miliyoni. Kupita kukhoti kukanatenga zaka, ndipo nthawi yonseyo mawaya akanakhalabe m'manja mwa KWR. EWS inasankha kulipira kaye, n'kudzasumira pambuyo. Vuto linali lakuti ndalama yoonjezerayo sikanatheka kuibweza kuchokera pa mabilu a magetsi, choncho inayenera kukhala mphatso. Mothandizidwa ndi banki ya GLS ya ku Bochum komanso akatswiri otsatsa malonda omwe anagwira ntchitoyo ulere, anayambitsa kampeni m'dziko lonse. Pa zithunzi zake pankaoneka anthu wamba, ana ndi agogo omwe, akudzitcha okha chosokoneza cha makampani a nyukiliya. Anthu omwe sanapondepo ku Schönau anatumiza ndalama. Manyuzipepala atayamba kufunsa za mtengo uja, KWR inautsitsa kufika pafupifupi 6 miliyoni. Pa 1 July 1997 mawaya a Schönau analowa m'manja mwa EWS. Mlandu wa kukhoti unatha mu 2005, pomwe zinapezeka kuti mtengo weniweni unali pafupifupi 3.5 miliyoni, wotsika kuposa womwe EWS inanena poyamba, ndipo ndalama yapamwambayo inabwezedwa ndi chiwongoladzanja.

Chimene ndikufuna chimveke n'chakuti kulimba mtima kwa makolo aja pakokha sikukanakwanira. Magulu odana ndi nyukiliya analipo m'matawuni ambiri a Germany pambuyo pa Chernobyl, ena akuluakulu kuposa la ku Schönau. Chomwe chinathandiza apa ndi timalamulo tosasangalatsa kuwerenga: loti msewu ndi wa tawuni, loti pangano limatha pakapita zaka 20, loti masiginecha okwanira amakakamiza voti, loti voti ya anthu imaposa ya khonsolo. Ndipo lamulo lomwelo linatumikira mbali zonse ziwiri. Mu 1991 linathandiza otsutsa KWR kugwetsa chigamulo cha khonsolo, mu 1996 linapatsa otsatira KWR mwayi wofanana. Pofika 1997 palibe akanati sanafunsidwe. N'chifukwa chake ogonja aja, ngakhale zinawawawa, anapitiriza kulipira mabilu awo ku kampani yomwe anaikana.

Mwayi unathandizaponso. Mu 1998 Germany inasintha malamulo kuti aliyense azisankha kogula magetsi, ndipo chaka chotsatira EWS inayamba kugulitsa m'dziko lonse magetsi osachokera ku nyukiliya kapena ku malasha. Kusinthaku kukanatha kuipha, chifukwa anthu a ku Schönau nawo anali ndi ufulu wothawira ku kampani ina. Koma dzina lomwe inapanga pa kampeni ija linaibweretsera makasitomala ochuluka kuposa anthu a m'tawuni yonse kambirimbiri. Pa ndalama iliyonse ya magetsi, kagawo kakang'ono kamapita kothandizira anthu omwe akuika masola kapena timakina tawo topangira magetsi. Ku Schönau komweko denga la tchalitchi cha Chipulotesitanti, chomwe chili pamtunda, linakutidwa ndi masola kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe zoterezi zinali zachilendo. Mu 2009 kampaniyi inasanduka kopaletivi, pomwe membala aliyense ali ndi voti imodzi posatengera kuchuluka kwa ndalama zomwe anaikamo. Ursula Sladek analandira mphoto ya Goldman, yoperekedwa kwa oteteza chilengedwe, ku America mu 2011, chaka cha ngozi ya pa malo a nyukiliya a ku Fukushima m'dziko la Japan, ndi mphoto ya zachilengedwe ya dziko la Germany mu 2013. Malo atatu omaliza opangira magetsi a nyukiliya m'dzikolo anazimitsidwa pa 15 April 2023, ngakhale mkangano woti chinali chanzeru kutero usanathe mpaka lero, makamaka chifukwa cha kukwera mtengo kwa magetsi ndi kudalirabe malasha.

Pali ena omwe amati nkhani ya Schönau singabwerezedwe kwina, ndipo pali zoona m'mawu awowo. Anthu ake anali ndi ndalama zoti asonkhe, mawaya anali kale m'malo ndipo anali abwino, makhoti ankagwira ntchito, ndipo magetsi ambiri omwe EWS imagulitsa sapangidwira m'chigwa cha Wiese koma amagulidwa kwina, makamaka opangidwa ndi madzi ndi mphepo. Matawuni ena omwe anayesa kutenga mawaya awo anakakamira m'makhoti kwa zaka zambiri. Komabe mzinda wa Hamburg, wa anthu pafupifupi 1.8 miliyoni, unachita riferendamu yofanana mu September 2013, ndipo anthu opitirira pang'ono theka anavota kuti mzindawo ugule mawaya ndi mapaipi ake kuchokera ku makampani.

EWS nayo siili pamwamba pa lamulo lomwe linaibereka. Chilolezo chake chodutsitsa mawaya m'misewu ya Schönau nacho sichingapitirire zaka 20 pa nthawi imodzi. Malamulo a masiku ano amafuna kuti tawuni ilengeze poyera, zaka ziwiri pangano lisanathe, kuti aliyense wofuna abwere adzapikisane, ndipo khonsolo isankhe motsata mfundo zomwe inalengeza, osati chifukwa chokonda kampani ya kwawo. Kampani ina ikadzaoneka kuti ingayendetse bwino ndi motsika mtengo, makhansala 12 ndi meya akhoza kuipatsa, ndipo EWS idzayenera kugulitsa mawaya ake pa mtengo woyenera.